Makungwa a M'botolo la a Ipyana

Chithunzi chinamenya khoma, galasi lake n'kumwazikira mpaka pansi pa sofa. Lusayo anachiponya ndi dzanja lamanzere, poti lamanja linali litafumbata botolo la makungwa limene analipeza m'kabati ya malemu mkulu wake.

"Alamu, ndikufunsani komaliza. Izi n'chiyani?"

Mwandida anali atagwada pa kapeti akusita jekete loyera. Mwamuna wake, a Ipyana, anagwa sabata yatha ali pantchito, kunyumba yosamalirako okalamba ku Middlesbrough, ku England kuno, ndipo madokotala anati unali mtima. Lusayo, amene anabwera pa basi kuchokera ku Manchester, za madokotalazo analibe nazo ntchito. Ankafuna munthu womuloza chala, ndipo mkazi wa ku Dedza wokwatiwa ku Karonga savuta kumuloza.

"Ndi makungwa a abambo ake Asimenye," anayankha Mwandida.

"Munthu wabwinobwino kungogwa ngati thumba, m'nyumba muli zitsamba? Mzungu munamupachika pakhomayu ndamufufuza pafoni. Pelletier. Ndi amene anatulukira poizoni wophera agalu ndi makoswe. Mukutiona ngati ana?"

Apa sananame. Joseph Pelletier, katswiri wa zamankhwala wa ku Paris, anatulutsadi poizoni woopsa m'njere za mtengo wina. Koma Lusayo anali munthu wowerenga mzere umodzi n'kuvula kale malaya. Akanatsika pang'ono pafoniyo akanaona kuti mu 1820 bambo yemweyo ndi mnzake Caventou anatulutsa kwinini, mankhwala a malungo, m'makungwa a mtengo wa ku South America, ndipo njira yake sanaibise, anaiulula kwa aliyense. A Ipyana, amene anagawa mankhwala zaka zambiri kuchipatala cha kwawo, ankaikamba nkhaniyi mpaka alendo kuyasamula. Kuno mapepala awo sanawapezere ntchitoyo, anatsala osambitsa nkhalamba, koma chithunzicho ankachipukuta Lamulungu lililonse ngati cha agogo awo.

"Botololi ndikulijambula, nditumize pagulu la kumudzi," anatero Lusayo. "Mtembo tinyamula tokha. Inu ku Karonga simupondako. Mukangoyerekeza, miyala ikakulandirirani pa depoti."

Mwandida ankadziwa kuti chithunzi cha botololo chikangofika kumudzi, zatha. Mwamuna amene anakhala naye theka la moyo wake akaikidwa iye kulibe, ndipo dzina la mfiti silichoka ndi sopo. Anadumphira foni ija. Khofi limene analandira linamugwetsera pa tebulo, mlomo n'kung'ambika.

Asimenye, mwana wawo wamkazi, anatulukira kuchokera kukhitchini mpeni wodulira anyezi uli m'manja.

"Bambo aang'ono, asiyeni amayi! Ndiitana apolisi!"

Lusayo anamupotokola dzanja mpaka mpeni unagwa, n'kumukankhira kuchitseko.

"Usaimbe, Asimenye," anatero Mwandida akulavula magazi. "Mapepala awo sanalongosoke. Ukufuna tiike wina, wina ali m'chitolokosi?"

Mawu amenewa akanamuchititsa manyazi munthu wina aliyense, koma Lusayo anangopsa mtima kwambiri. Anamugwira mlamu wake pa duku pamodzi ndi tsitsi, n'kutsegula botolo ndi mano.

"Makolo athu nkhani zoterezi ankazithetsa ndi mwabvi. Ngati si poizoni, tafunani tione."

Mwandida sanadikire kuti amukakamize. Anatapa makungwa, n'kuwaponya m'kamwa mong'ambikamo, n'kuyamba kutafuna akumuyang'ana m'maso. Kuwawa kwake kunamutulutsa misozi, koma anameza. Kenako ukali wonse umene anaubisa chigwereni mwamuna wake unakwera kamodzi. Anamugunda Lusayo ndi mutu pachifuwa, onse n'kugwera pa magalasi aja. Mayi wozolowera kunyamula odwala tsiku ndi tsiku si woseweretsa. Anamukhalira pamimba, n'kumutsina mphuno mpaka anayasama, n'kumutsendera makungwa m'kamwa.

"Tafunani nanunso! Tifere limodzi ngati ndi poizoni!"

Lusayo anaphupha, kenako anasiya. Kuwawa kuja ankakudziwa. Ali mwana malungo anatsala pang'ono kumutenga, ndipo mkulu wake anamubereka kumsana mpaka kuchipatala. Atabwerako ankakana mapiritsi, choncho a Ipyana ankamukhalira pamimba chimodzimodzi, kumutsina mphuno, n'kumumwetsa akulira onse awiri. Makutu ankalira ngati muli nyenje, koma anachira.

"Kwinini," anatero, mawu akutuluka movutikira.

Mwandida anatsika, n'kukhala pansi akupuma mwawefuwefu.

"Ankaluma kachidutswa m'mawa uliwonse asanakakwere basi," anatero. "Ankati lilime lisaiwale ntchito yake. Ndipo ntchito yogawa mankhwalayo ankati anaisankha tsiku limene inu munatsegula maso n'kupempha madzi."

Lusayo analira. Sikunali kulira kokweza kumene analira pofika kuti anthu a kutchalitchi amve, kunali kwa munthu amene wazindikira kuti mkulu wake kulibedi. Asimenye sanamuyang'ane n'komwe. Anatola foni ija pansi, n'kuiika pa tebulo chafufumimba, n'kupita kukatenga madzi ofunda opukutira amayi ake. Palibe amene anapepesa, ndipo palibe amene anati zatha.

Patapita kanthawi Lusayo anakwawa n'kutola chithunzi chija. Anachotsa tizidutswa ta galasi ndi zala zochekekazo, n'kupukuta nkhope ya Mfalansayo ndi mkono wa malaya ake, n'kuchitsamiritsa kukhoma.

Mwandida anayatsanso simbi. Jekete loyera lija linali la kuchipatala cha ku Karonga. A Ipyana anabwera nalo m'sutikesi, ndipo ankalichapitsa chaka ndi chaka ngakhale sanalivalepo ku England kuno ndi tsiku limodzi lomwe. Tsopano ndi limene akawaveke. Anasita kolala, anasita manja, kenako anatambasula chikhatho osatembenuka.

Lusayo anafunafuna pa kapeti, n'kusankha khungwa limodzi losathyoka, n'kuliika m'chikhathomo. Mwandida analilowetsa m'thumba la pachifuwa la jeketelo, n'kumanga batani.