Besi ya Pabedi

"Mlamu, yaimanso," anatero mlembi wa mpingo, foni ili kukhutu. "Akuti tonse tauma, kukamwa kuli yasa."

Mlamu wakeyo, wokonza makompyuta, anali atagwada pambali pa guwa, mawaya ali mbwee. Linali Loweruka masana, kwaya ikuyeserera, poti mawa lake mpingo unkayamba kuulutsa mapemphero pa intaneti. Amene ankaonera kunyumba n'kumanena zomwe akuona anali amuna a mlembiyo, omwe aliyense ankangowatchula kuti aBesi. Anaimba besi m'kwayamo kuyambira ali mnyamata, mpaka sitiroko inawagoneka. Miyendo inakana, koma Mulungu anawasiyira mawu, ndipo chomwe ankapempha n'chimodzi: kuimba limodzi ndi anzawo ali pabedi pomwepo.

"Za seva tathana nazo," anatero mlamuyo akupukuta thukuta. "Laputopu yangayi singatumikire oonera onse, ndiye kanema azipita kaye ku seva, kompyuta yaikulu yakutali, iyo izigawira anthu. Chatsala ndi pulogalamu yopanikiza kanemayo asananyamuke. Ndili nazo ziwiri. Iyi imatumiza chithunzi chowala koma cholemera. Netiweki ikafooka kunyumba kwa munthu, zonse zimaima. Inayi imapeputsa chithunzi kuti mawu asaduke."

"Kupeputsa kwake kotani?" anafunsa wotsogolera kwaya, mayi wamtali wosakonda zinthu zamwamwayi.

"Nkhope zimachita ngati chifunga pang'ono."

"Ayi, bambo, ayi! Mayunifolomu atsopanowa aoneke ngati masanza? Pali abale athu akutali amene aonere."

Mumtima mlembi nayenso ankafuna yowalayo. Kolala ya yunifolomu yake anaisita kawiri, kuti amuna ake akamuone bwinobwino pamzere wake wa aluto.

"Mlamu, inu mwakhala chete," anamuseka wokonza makompyuta. "Mukufuna achimwene awerenge mano anu?"

"Choka iwe! Chikomekome cha mkuyu. Tiyeni tiimbenso, koma foniyi ndiiika poti tonse timve."

Anaiika patebulo, kwaya n'kuyamba. Patapita kanthawi, besi ya aBesi inalowa kuchokera mufoni, yonjenjemera koma yakuya ngati kale. Kenaka inayamba kuzengereza. Inapitirira yokha mzere umodzi, n'kuima.

"Mwandisiya," anatero aBesi kwaya itatontholetsedwa. Ankayesa kuseka. "Ndinati ndipitirize mwina mundipeza. Mutabwerera, ine ndinali nditafika kale pa Ameni, inu mukadali pakati pa ndime. Palibe kanthu, mayi. Mawa ndizingoonera."

Mawu akuti ndizingoonera anamulasa mlembi. Munthu amene sanakhalepo duu m'nyumba ya Mulungu, lero akhale woonera?

"Mlamu, ika inayo," anatero, ndipo anatembenukira kwa wotsogolera kwaya. "Amayi, tiyese kamodzi kokha. Mukakana, ine sinditsutsa."

Wotsogolera kwaya anagwedeza mapewa n'kukweza dzanja.

"Ee, koma abale!" anafuula aBesi chithunzi chitafika. "Mukuoneka ngati muli m'bafa la madzi otentha. Mkazi wanga ndi uti pamenepa?"

"Wokongola kwambiriyo," anayankha mlembi. "Imbani, musatichedwetse."

Anaimba nyimbo yonse. Besi inalowa ndipo sinatulukenso. Kwaya inafika kumapeto n'kutseka pakamwa, koma poti kanema amafika kunyumba mochedwerapo, aBesi anali akadali pamzere womaliza. Tchalitchi chonse chinangoti zii, kumvetsera mawu amodzi akutuluka m'kafoni kali patebulo, akutsika pang'onopang'ono, mwini wake osadziwa kuti watsala yekha. Mlembi anagwira kolala yake ija n'kupukutira misozi.

Atafika pa Ameni, wotsogolera kwaya anakweza dzanja mosaganizira, ndipo kwaya yonse inawalandira.

"Bambo a makompyuta," anatero wotsogolerayo, "musaikhudzenso. Ikhale yomweyo." Kenaka anawerama pafoni. "Koma inu aBesi, kuchedwa kumaliza simunasiyebe?"

"Ndinu amene mumathamanga, amayi. Ndakhala ndikukuuzani zaka zonsezi."

Mlamu anamata waya womaliza pansi ndi tepi. Mlembi atasintha zovala, anapinda yunifolomu yake n'kuiika m'chikwama, kuti akafika kunyumba akaivale, mwini wake akaione pafupi.