Chikwama cha Tausi

Mwera ukayamba mu Juni, loji ya pachilumba chija choyang'anana ndi Senga Bay imatsekedwa. Eni ake amapita ku Lilongwe, antchito amabwerera kwawo, ndipo pamatsala munthu mmodzi woti azitsegula mawindo kuti matiresi asachite nkhungu. Chaka chino munthuyo anali Zione. Anadzipereka yekha, poti kumtunda kunalibe womudikira: banja linatha kalekale, mwana ali kusukulu yogonera konko.

Poyamba ankati ndi mpumulo. Koma chilumba chopanda anthu sichipumitsa munthu. Ankadzuka, kutsegula mawindo, kusesa, kutsekanso mawindo. Ng'anzi zinkaothera dzuwa pamiyala osamuyang'ana n'komwe. Foni inkagwira pamwamba pa thanthwe limodzi lokha, pomwe mphepo inkalasa mpaka m'mafupa. A Saidi, eni boti, ankabwera ndi ufa ndi makala nyanja ikalola, koma a Saidi ndi anthu aja oyankha funso ndi chibwano. Tsiku lina Zione anapezeka akupatsa moni ketulo, ndipo anachita mantha.

Ndiye Tausi anaimba foni.

Tausi anali mnzake wa paubwana. Anakulira limodzi ku Lifuwu, kuingitsa mbalame m'minda ya mpunga, kugona mphasa imodzi, kufunda chitenje chimodzi, wina wa kutchalitchi wina wa kumzikiti, popanda wolabadira zimenezo. Mwamuna wa Tausi, msodzi, anamwalira chaka chitangoyamba. Tsopano Tausi anali atamaliza eda, miyezi ija mkazi wachisilamu amabindikira m'nyumba mwamuna akamwalira, ndipo abale a malemu anali atayamba kale kuiyeza nyumbayo ndi maso. Mchimwene wake ankamuitanira ku Nkhotakota. Anati asanapite akufuna adzamuone kaye Zione.

Zione anatsika pathanthwe paja mtima uli pa chinthu chimodzi: amupempha Tausi kuti asapite, akhale naye mpaka mwera utaleka. Chakudya chinalipo, malo analipo. Koma munthu ungamupemphe bwanji kuti adzakhale pamwala pakati pa madzi? Anaganiza zoti ayambe wamukometsera malowo.

Apa ndi pomwe ntchito inamupusitsa. Zione wagwira m'maloji kuyambira ali mtsikana, ndipo manja ake amadziwa njira imodzi yokha yolandirira munthu. Anatsegula chipinda chabwino koposa, chija azungu amalimbirana. Anayala nsalu zoyera ndi mabulangete awiri, n'kupinda mathaulo kukhala atsekwe awiri ogundanitsa milomo, pamwamba n'kuwazapo maluwa. Kachipinda kake ka kuseri kwa khichini, konunkha utsi ndi anyezi, anakakhoma kuti mnzake asakaone.

Boti linafika m'mawa. Tausi anatsika atawonda, mpango wakuda kumutu, mbali imodzi itanyowa ndi mafunde. A Saidi anatsitsa chikwama chachikulu chamizeremizere akubuula, n'kupita nacho okha kuchipinda. Zione anathamanga ngati mwana, koma atafika pafupi manja anapita okha kumbuyo, msana unawerama pang'ono, ndipo pakamwa panatuluka zimene pamatuluka boti lililonse likafika.

"Takulandirani. Mwayenda bwanji?"

Tausi anacheuka ngati kumbuyo kwake kuli wina. "Tayenda bwino, Alhamdulillah. Kaya inu, amayi?"

Onse anaseka. Koma "inu" uja anali atalowa kale pakati pawo, ndipo akalowa amavuta kutulutsa ngati nyerere mushuga.

Tausi anabwera ndi mpunga wa ku Lifuwu womanga pansalu. Atangosintha zovala analowa kukhichini, maso akufunafuna lichero. Zione anamulanda mpungawo mwaulemu, n'kumuuza kuti akapumule, wayenda panyanja yoipa. Anakazinga chambo m'batala monga amachitira wophika wa palojipo, n'kuyala tebulo m'chipinda chodyera, foloko uku mpeni uku, pakati pa mipando yambirimbiri yopanda anthu. Tausi anamuuza kuti akhale pansi. Anakhaladi, koma pamphepete pa mpando, ndipo anadzuka kukatenga mchere, anadzukanso kukatenga madzi, anadzukanso kukatseka zenera. Tausi atayamba kusonkhanitsa mbale, Zione anazitsomphola ngati waona mwana ndi mpeni.

Nanga ndani sadziwa kuti munthu ukamukaniza kutsuka mbale ndiye kuti wamuuza kuti si wapakhomo? Zione ankadziwa. Anangoiwala, chifukwa ankafunitsitsa kuti mnzake asavutike ndi kanthu.

Mwera unakula, boti silinabwere, ndipo masiku anayenda motero. Tausi ankakhala pakhonde atadzikulunga bulangete, akuyang'ana mafunde akumenya miyala. Zione ankakhala kukhichini akumukonzera tiyi, akubwereza mumtima mawu oti akanene. Akafika ndi thireyi, mawu aja ankathawa, n'kufunsa ngati shuga wakwana. Ankacheza ndithu, za mtengo wa feteleza, za anthu a ku Lifuwu amene anamwalira. Za mwamuna wa Tausi sanakambe, poti mlendo sumufunsa zomuliza. Kukada Zione ankamuperekeza kuchipinda, kuima pakhomo, kumufunira kugona bwino, iye n'kubwerera kuseri kwa khichini. Pachilumba panali anthu awiri, koma Zione anasungulumwa kuposa nthawi imene ankalankhula ndi ketulo.

Anadzilimbitsa mtima kuti adzanena poperekeza. Kwathu kuno nkhani yeniyeni imakambidwa panjira, mlendo akutsazikana nawe, pomwe simukuyang'anana kumaso. Anaiwala kuti njira ya pachilumba ndi yaifupi. Munthu sungatsirize n'komwe kutsokomola, wafika pamadzi.

Nyanja itadekha m'mawa wina, a Saidi anatulukira n'kunena kuti wopita apite tsopano, mphepo ibweranso dzuwa lisanafike pamutu. Tausi anayang'ana Zione. Zione anayang'ana pansi, n'kupita kukatenga chikwama, chimene Tausi anali atachitulutsira kale pakhonde. Chinali cholemera modabwitsa. Anachisenza, n'kutsogola, ndipo asanapeze poyambira anali atafika kale paboti. Tausi anakwera.

"Muyende bwino," anatero Zione. "Mudzabwerenso."

Pochitula chikwama m'boti, m'kati munalira zitsulo. Zipi inali itatseguka pang'ono, ndipo panaoneka chivindikiro chakuda ndi mwaye komanso nsonga ya mthiko.

"Mwanyamula mapoto?"

"Ndimati mwina sindibwerera," anatero Tausi, mawu ali pansi. "Ndimati ndidzakuthandize kusesa mpaka mphepo itatha. M'nyumba ya malemu ndasanduka mlendo, Zione. Sindimadziwa kuti ndi kwa iwe komwe."

A Saidi, amene anthu akamalankhula amayang'ana mitambo, anali atakoka kale chingwe. Injini inabangula, boti linabwerera m'mbuyo n'kutembenuka. Zione analowa m'madzi ozizira mpaka m'maondo.

"Iwe Tausi! Khala!"

Injini inameza mawuwo. Tausi anaona pakamwa pakuyenda, n'kukweza dzanja kubayibitsa.

Zione anakwera thanthwe lija akupuma mwabefu, koma foni ya Tausi inali yozima, itakulungidwa m'pepala lapulasitiki kuopa mafunde. Masana mwera unabwerera monga ananenera a Saidi. Pomwe foni inadzagwira mawa lake, Tausi anali m'minibasi atadutsa kale Benga, ndipo phokoso linali lalikulu. Anangoti akuyenda bwino, zikomo kwambiri powasunga.

Tsiku lomwe boti linachoka lija, atatsika pathanthwe, Zione anapita kuchipinda chimene Tausi ankagona kuti akachotse nsalu zoti achape. Panalibe chochapa. Atsekwe aja anali chigundanitsire milomo, maluwa atafota pomwe anawaika. Masiku onsewo Tausi ankagona pansi, pambali pa bedi, malo a munthu wachiwiri atawasiya kukhoma monga ankachitira ku Lifuwu, pomwe anapindapo bulangete linalo.

Pobwerera kuseri kwa khichini ndi pomwe anaona kuti pakhomo pa kachipinda kake kokhoma kaja panali posesedwa. M'mawa uja, ndi changu chotenga chikwama, sanapaone. M'mbali mwa khoma, momwe mphepo siifika msanga, mizere ya tsache inali ikuonekabe pamchenga. Anaima pamenepo osaponda, mpaka mwera unaifufuta.