Tsitsi la ba Bernadette

Ukwati wa mng'ono wanga Helen unachitikira ku Chelstone mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Zaka zimenezo shuga ndi sopo zinali za pamzere, koma amuna anga ba Ezekiel anati mlamu wawo sangakwatiwe popanda ayisikilimu. Anakamupeza kwa mnzawo Amock, wogulitsa panjinga m'tauni, amene anamulongedza m'katoni pamodzi ndi ayezi wouma. Ayezi ameneyu sasanduka madzi, amangofuka ngati utsi mpaka kutha.

Amock anawauzitsa kuti asamugwire ndi manja chifukwa amawotcha, ndiponso kuti m'motoka mawindo akhale otsegula, poti utsi wakewo umabanikitsa munthu. Za manjazo ba Ezekiel anasunga. Za mawindo ine ndinazimva zonse zitachitika kale.

Tinanyamuka ku Kabwata pa kaFiat kathu. Kutsogolo kunakhala ba Bernadette, mlongo wawo wamkulu wa ba Ezekiel, amene anathera m'mawa wonse m'saluni ku Northmead. Tsitsi linaima ngati chulu. Ine ndinali kumbuyo nditafukata keke, katoni ili pansi kumapazi. Mwana wathu Nelly, wa zaka zitatu, anatsetsereka pampando n'kukagona pansi potsamira katoniyo, poti panali pozizirira.

Nditangoti ndipukuse windo, ba Bernadette anatembenuka n'kundifunsa ngati ndikufuna akafike ku ukwati ngati wochokera kumunda. Ba Ezekiel, munthu wokalipira makondakitala a basi, pamaso pa mlongo wake amangoti zyoli. Anandiuza chapansipansi kuti nditseke. Ndinatseka, mtima ukuwira.

Tisanafike ku Munali mutu unayamba kundigunda, ndipo ndinkapuma ngati ndakwera chitunda. Ba Ezekiel ankangoyasamula. Ba Bernadette akuti ndi njala, tikadya kumeneko. Nelly, mwana wolongolola kuposa wailesi, anali zii, ine n'kumati wagona.

Kenaka tinapeza apolisi atatchinga msewu ndi migolo. Ine marodibuloko amenewa ndinkadana nawo zedi, ndipo ndinayamba kale kung'ung'udza kuti atichedwetsa. Wapolisi anasuzumira, anaona katoni ikufuka, nati tonse titsike. Ndinaika keke padenga la motoka n'kugwedeza Nelly. Mutu wake unangoti lende.

"Ba Ezekiel, mwana sakudzuka."

M'mene ndinamutulutsira sindikudziwa. Ndinamugoneka pachitenje pansi pa mtengo, wapolisi uja akumukupiza ndi chipewa, ine ndikuitana dzina lake. Mantha ngati amenewo sindinakhale nawopo. Kenaka mwana anakoka mpweya, anatsokomola, n'kundisanzira pa diresi langa latsopano, ndipo analira. Kulira kumeneko ndinakukonda kuposa nyimbo zonse za paukwati.

Pamenepo mpamene ba Ezekiel anaulula zimene Amock ananena. Mawu amene ndinawayankha sindingawabwereze, ndine wa chigwirizano cha amayi ku mpingo. Wapolisi mwini wakeyo anayang'ana kumbali.

Katoni tinaimangirira padenga ndi chingwe, n'kuyamba tadzera ku kiliniki. Namwino anamupima Nelly, nati ali bwino, koma tikanangoyenda choncho mpaka ku Chelstone bwenzi ukwati utasanduka maliro.

Ba Bernadette pobwerera m'motoka ananditambasulira manja.

"Bwela naye kuno, amake Nelly. Akhale pamphepo."

Anapukusa windo okha mpaka pansi, anamukhazika mwanayo pamiyendo, ndipo mphepo ya fumbi inawapesa njira yonse.

Chithunzi cha ukwatiwo chili pakhoma pabalaza panga. Ba Bernadette tsitsi lili nyankhalala ngati chisa cha khwangwala, Nelly ali m'manja mwawo akunyambita ayisikilimu. M'nyumba muno palibe amene amaloledwa kuseka tsitsi limenelo, kupatula ine.