Mchere wa ku Angola

Eneless anali kuchapa pampopi wa ku Kanyama pamene mlamu wake Moven anatulukira, thukuta lili kamukamu. Mwezi unali utatha chichokereni mwamuna wake Whyson. Fakitale imene Whyson ankagwirako ntchito itatsekedwa, banjali linagulitsa makina osokera n'kugula matumba a mchere oti akagulitsidwe ku Angola, kudzera m'ngalande ya maboti yochokera ku Mongu. Whyson, mwana wa ku Katete, sankadziwa kusambira.

"Mulamu, nkalani pansi," anatero Moven. "Boti yamene banakwela bakulu banga yagubuduka pafupi na Kalabo."

"Nanga mchere?"

Mawuwo anangotuluka okha. Onse pampopi anatembenuka kumuyang'ana. Mayi wina anatenga malaya amene anali m'manja mwa Eneless n'kuyamba kumuchapira.

"Mchere wasungunuka wonse," Moven anayankha akuyang'ana pansi. "Beve banabavuula basodzi. Bali mu chipatala, bali moyo."

Eneless anakhala pansi, anadzukanso, anapukuta thovu pachitenje, anayenda pang'ono n'kubwerera. Kenaka anagwada m'matope momwemo.

"Ambuye, ndikhululukireni. Ndafunsa za mchere ndisanafunse za munthu."