Disiki Ziro

Kompyuta ya malemu amuna anga inayamba ulesi. Ukaiyatsa unkatha kutsuka mbale, pobwerako n'kuipeza ikuganizabe. Ndimataipirapo anthu makalata, koma chondisungitsa makamaka chinali mawu awo. Bambowo ankakonda kudzijambula akukonza makina: akufotokoza, akutsokomola, akundikalipira kuti ndasowetsa sikuludiraiva. Zojambulazo kwina kulikonse kunalibe.

Ndinagula disiki yatsopano yosungiramo zonse za m'kompyuta, ya zija zopanda chozungulira mkati, yopepuka ngati bisiketi. Zaka makumi awiri ndikuwaonerera akumasula makompyuta patebulo lodyera, ine ndilephere bwanji? Ndinalumikiza ziwiri zonse, ndinakopera, yakale n'kuchotsa. Loweruka masana, m'nyumba muli zii, ndinadina batani.

Sikirini inangoti bii. Pakona kamzere koyera kakuphethira.

Ndinazimitsa, ndinayatsanso. Ndinamasula, ndinakankha disiki kuti ikhazikike. Ndinalowa muja mumauzira makina disiki yoti aziyambira, yatsopanoyo ndinaiika pamwamba. Kamzere komweko. Ndinaitukwana, sindibisa, ndipo panalibe wondiletsa.

Kenako ndinaimbira mlamu wanga, mng'ono wa malemu, nayenso wa makompyuta. Chichitikire maliro tinkangopatsana moni wa pamsewu.

"Alamu, tabwezerani yakale tione," anatero.

Ndinabwezera. Nayonso bii.

"Pokopera paja, pulogalamu inakufunsani kuti zichokere pa disiki iti. Munasankha iti?"

"Wani. Yakale ndiyo yoyamba, si choncho?"

"Nanga inayo inalembedwa chiyani?"

"Ziro. Yopanda kanthu, yatsopanoyo. Izi n'zofunanso sukulu?"

Pafonipo ndinkamva galimoto zikudutsa kumene analiko.

"Kompyuta imayambira pa ziro powerenga, alamu. Ziro inali yakale. Mwatenga yopanda kanthu n'kukopera pamwamba pa yodzadza."

"Ndani amayambira pa ziro powerenga? Achimwene anu sanandiuzepo zimenezo."

"Musaiyatsenso. Ndibwera Lolemba ndidzayese. Koma ndisakunamizeni, disiki yonse yalembedwa pamwamba. Zikatero sizibwerera."

Ndinayang'ana madisiki awiriwo patebulo. Onse anali opanda kanthu, ndipo wochita zimenezo ndinali ine, ndi chala changa. Pulogalamu inachita kundifunsa kawiri ngati ndatsimikiza, ine kawiri konse n'kuvomera monyadira. Ndinamva kusungulumwa kuposa tsiku lija anthu anabalalika pamaliro.

"Pepani kwambiri," anatero mlamu. "Ndidule kaye, kasitomala akundidikira."

Pamenepo anatsokomola pang'ono, n'kukokera mpweya m'mphuno, ndendende ngati malemu amuna anga. Ana a mimba imodzi. Zaka zonsezi ndinali ndisanamvetserepo.

"Musadule," ndinatero.

"Pali chinanso chavuta?"

"Palibe. Tandifotokozereninso za ziro zija. Muyambire poyamba, pang'onopang'ono."

"Simunamve?"

"Ndamva. Inu zingolankhulani."