Madontho Ofiira Pabwalo la Abu Nazih

Galimoto ya Abu Nazih inali ndi khalidwe limene Hikmat, makaniko wakalekale wa mumzinda wa Saida, anali asanalimvetse. Ikakhala kugalaja kwake, pansi pankauma gwa. Ikabwerera kunyumba n'kuima masiku anayi, inkadontha oilo wofiira wa m'giyabokosi pamatailosi a pabwalo.

Inali galimoto ya ku America ya mu 1967, yosintha yokha magiya. Kunali kutatsala masabata awiri kuti inyamule mkwatibwi, Sawsan, mwana wa Abu Nazih. Koma mayi a mtsikanayo, Im Nazih, anali atanenetsa kuti akangoonanso dontho limodzi, mwana wawo akwera yahayala, ndipo chigalimotocho chipita kwa ogula zitsulo.

"Gasiketi yotsekera oilo ija mwasintha kawiri, achimwene," anadandaula Abu Nazih. "Kapena maso ayamba kukuthawani?"

"Maso anga ali bwino. Galimoto yanuyi ndi yamanyazi, imagwetsa misozi ikakhala yokha," anayankha Hikmat.

Hikmat anaseka, koma funso limodzi linkamudya. Galimoto zina zimadontha zikathamanga. Nanga iyi bwanji inkadontha ikapuma?

Tsiku lotsatira anapempha ufa watirigu kwa wophika buledi woyandikana naye, n'kupita nawo kwa Abu Nazih. Anakwawira kunsi kwa galimoto, anapukuta giyabokosi yonse mpaka mbee, kenaka anaiwaza ufa.

"Mukuikazinga kodi?" anafunsa Im Nazih ali pawindo.

"Ndikuifunsa mafunso, mayi. Aliyense asailize mpaka Lachinayi."

Lachinayi ufawo unayankha. Kamzere kofiira kanayambira pamwamba pa gasiketi, m'mbali, pakalabala kotseka pamene kachitsulo kosinthira magiya kamalowera m'giyabokosi. Hikmat anagona chagada kwa nthawi akukayang'ana, kenaka anamenya pansi ndi chikhatho.

"Ndaigwira! Injini ikamalira, oilo wambiri amakhala akuzungulira kumtunda. Ikaima masiku angapo, amatsika pang'onopang'ono, n'kudzaza mpaka kufika pakalabala aka. Kugalaja ndinkailiza tsiku lililonse, ndiye akanafikapo bwanji?"

"Kanthu kochepa ngati mphete kameneko?" anadabwa Abu Nazih atagwada.

"Kakhalapo chibadwire cha galimoto. Inuyo mawondo akulira kale, nanga labala?"

Hikmat anamasula mkono wa magiya, n'kukoka kalabala kaja mosamala kuti asakande chitsulo. Kanali katauma ngati fupa, ndipo kanathetheka m'zala zake. Anasisita chitsulocho ndi chikhadabo, n'kupeza kuti n'chosalala. Anapaka oilo kalabala katsopano, anakalowetsa mowongoka, n'kumakagogoda pang'onopang'ono mpaka kanakhala.

Im Nazih sanakhulupirire mawu a amuna awiriwo. Anatenga nsalu yoyera ya pabedi, anaiyala kunsi kwa galimoto, ndipo makiyi anawaika m'thumba la diresi lawo.

Patapita masiku asanu ndi limodzi Hikmat anabwera m'mawa, mtima uli m'mwamba. Im Nazih anasolola nsaluyo okha, anaitambasula padzuwa, anaitembenuza, mpaka anainunkhiza. Panalibe ngakhale dontho limodzi. Abu Nazih anangoti chilili, khofi akuzizira m'manja.

Mayiwo anapinda nsalu ija bwinobwino, kenaka anasuzumira kumpando wakumbuyo.

"Kunoku kumakwana anthu angati?" anafunsa. "Sawsan akhala pakati. Ine ndikhala kuwindo."