Ampu Yoyimbira Mawondo

Munthu woyimba gitala ukhoza kumunyoza nsapato, kumuseka dazi, iye n'kumaseka nawe limodzi. Koma ungomuuza kuti gitala yake ikusokosa, basi waputa mavu nkhomola.

Ndi zimene anachita mng'ono wa a Manzere Lolemba lija. A Manzere, amene dzinali analitengera pa kagwiridwe kawo ka gitala, anali atayimba m'bandi ya mng'ono wawoyo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mng'onoyo ndiye anali woyimba pakamwa, ndiyenso mwini bandi. Tsikulo anaimitsa nyimbo pakati n'kutembenuka.

"Achimwene, ndapirira mokwanira. Gitala yanuyo ikulasa ngati singano. Anthu okhala kutsogolo akumathawira kumbuyo, ine mawu ndikumachita kufinya. Pofika Loweruka mukonze zimenezi. Zikakanika, pepani, tiyesako wina."

Mwana woti anamuphunzitsa okha kugwira gitala! Zinawapweteka a Manzere, osati masewera. Komanso anachita mantha, pakuti kunja kwa bandiyo sankadziwa kuti munthu Loweruka amatani nalo. Mlandu wonse anaukankhira kwa ampu yawo yakale, chokuzira mawu a gitala. Yakalamba basi, anatero, ikufunika ina.

Lachinayi m'mawa anakwera masitepe a kuseri kwa shopu ya telala, gitala kumsana, ampu yakaleyo m'manja, akupuma befu. Pamwambapo pankagwira ntchito mayi wina amene oyimba onse ankangomutchula kuti Amisiri. Iyeyu ankapanga maampu ndi manja, waya ndi waya, atatu kapena anayi pachaka. Anali aja a mababu agalasi mkati, oti ayambe atentha kaye ndiye alankhule. M'chipindamo munkanunkha mtovu wowotcherera mawaya ndi guluu.

"Okonzeka alipo awiri," anatero Amisiri, akutsitsa magalasi pamphuno. "Yaing'ono yovala nsalu yakhakiyi, sipika imodzi. Yakudayi, masipika awiri, koma msana wanu ukhale wabwino. Mapedulo oponda ndi phazi ndi awa. Kofiiraka kamangosasitsa mawu pang'ono. Kasilivaka ndiye kamabangulitsa."

A Manzere analumikiza chingwe ku yakhakiyo n'kufuna kukhwacha nthawi yomweyo.

"Dikirani itenthe, bambo. Mukuthamangira kuti?"

Mababu atafiira, a Manzere anaima monga ankaimira masiku onse, ampu ili pansi kumbuyo kwawo, akatumba a miyendo atatsala pang'ono kuikhudza. Anayimba kanyimbo kofatsa. Mawu anatuluka ofewa, onona, ndipo akakanda mwamphamvu ankayamba kusasa okha popanda pedulo. Koma iwo anakwinya nkhope.

"Yafunda bulangete iyi."

Anawerama n'kupotokola batani la mawu akuthwa mpaka pamapeto. Anasamukira ku yakudayo. Imeneyo inali ndi chifuwa, mawu oyera, mabesi ogwedeza zitini za misomali pa shelefu. Nayonso akuti bulangete. Batani mpaka pamapeto. Anaponda kapedulo kofiira, anaponda kasiliva, anabwerera ku kofiira, paliponse dzanja likuthamangira batani lomwe lija. Ola lathunthu linatha choncho, ndipo mtima wawo unayamba kulefuka. Ngati maampu otchuka chonchi akulephera, ndiye Loweruka apita ndi chiyani?

Amisiri nthawi yonseyi anangosuntha mpando wawo kawiri, mpaka anakakhala pakona.

"Bambo, ndifunseko. Makutu anu ali pati?"

"Makutu? Aa, Amisiri, si awa ali kumutuwa?"

"Nanga sipikayo yaloza pati?"

A Manzere anayang'ana pansi. Inaloza kuseri kwa mawondo awo.

"Mabesi amamwazikira chipinda chonse ngati utsi," anatero mayiyo. "Koma mawu akuthwa amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Inu mwaima pamwamba pake, akukudutsani m'miyendo. Simukuwamva, ndiye mukumawonjezera. Akukagwera ena kutsogoloko."

"Ine ndayamba kuyimba inu musana..."

"Sindikukana. Tayatsani yanu yakaleyo. Mabatani musakhudze."

Panalibenso chokhudza. Pa batani lililonse a Manzere anadontheza penti yoyera kalekale, kuti wina akasokoneza adziwe pobwezera. Amisiri anawapatsa chingwe chachitali, n'kuika kampando kafupi pakhomo, moyang'anizana ndi sipika.

"Khalani apo. Mukakhala pa siteji, mitu ya anthu akutsogolo imakhala pamenepo."

A Manzere anakhala, mawondo m'mwamba, akudziona ngati mwana wolangidwa. Anakhwacha nyimbo yawo yapamtima, ija amaitsegula ndi mawu okwera.

Mayo ine! Zinali ngati wina wawalasa ndi waya m'khutu. Mano anayayamira, maso anatsinzina okha. Anagwira zingwe ndi chikhatho kuti zitonthole. Kunsi kuja makina a telala anali ataima.

A Manzere anakhalabe pa kampandoko. Anakumbukira amayi ena amene ankanyamula ana n'kutuluka, iwo n'kumati ndi anthu osadziwa nyimbo. Anakumbukira kuti malo a mng'ono wawo pa siteji anali kutsogolo kwa ampu imeneyi, mikono itatu yokha, zaka zonsezi. Manyazi anawagwira.

"Ndiye palibe anandiuza?" anafunsa motsitsa.

"Kaya. Mwina anakuuzani."

Amisiri anatenga mipando iwiri, anakwezapo maampu awo aja, n'kuwapendeketsa ndi timatabwa kuti aloze kumutu kwa munthu woimirira. Mabatani onse anawabweza pakati.

"Tsopano tiyambe kusankha. Zija zinali zotenthetsera zala."

Apa ndiye a Manzere anamva kusiyana kwake. Yakudayo inali yabwino zedi, koma kuti iyambe kukoma inkafuna kukwezedwa mpaka mawindo kunjenjemera, ndipo malo amene bandi yawo inkayimba anali aang'ono. Yakhakiyo inkakoma isanafike posokosa. Akaigwira mofatsa inkanong'ona, akaikanda inkayankha ndi kaukali pang'ono. Kapedulo kasiliva kankameza kusiyana konseko, chala chofatsa ndi chala chaukali kumveka chimodzimodzi. Kofiira kankangothira mchere, gitala n'kukhalabe gitala yawo. Anabwereza katatu kuti asadzinamize, kenako analoza yakhakiyo ndi kofiirako.

"Ndikuuzeni chilungamo," anatero Amisiri. "Yanu yakaleyi ilibe mlandu. Mukaikweza pampando n'kutsitsa batanilo, iyimba bwinobwino."

"Ndadziwa. Koma dzanja langali ndimalidziwa. Likaona madontho a penti aja libwerera lokha."

Loweruka masana bandi inakumana m'galaja momwe inkayeserera. A Manzere anafika moyambirira. Anatenga mpando, anakwezapo ampu yakhaki ija, anaipendeketsa, n'kudikira mababu atenthe. Woyimba ng'oma polowa anaima pakhomo.

"Eee, akuluakulu! Masiku ano ampu ikumapatsidwa mpando, ife eni ake tili chiimire?"

Onse anaseka, kupatula mng'ono uja. Iye anangoyang'ana ampuyo, anayang'ana mkulu wake, n'kutchula nyimbo. Anasankha dala yofatsa, imene nthawi zonse inkathera pa mkangano.

A Manzere analowa m'nyimbomo mwakachetechete. Anamva mng'ono wawo akuyimba osafinya mawu. Anamva ndi kupuma kwake komwe pakati pa mizere, ndi kanjenje kena kumapeto kwa mawu kamene sankadziwa kuti mwanayu ali nako. Kodi amayimba bwino chonchi? Ankafuna kupepesa, koma anangosamala zala.

Vesi yoyamba itatha, mng'onoyo anachotsa pakamwa pa maiki, ng'oma zikupitirira, n'kupendekera kwa iwo.

"Achimwene, takwezani pang'ono. Ndikufuna ndizikumvani."

A Manzere anawerama n'kusuntha batani pang'ono chabe. Anachedwa kuweramuka, chifukwa m'maso munali mutadzaza misozi. Woyimba ng'oma anaona, koma ulendo uno sanaseke.